Kapaketi ka Asiyatu

Ndikamanena kuti ku Joni kumazizira, anthu amagwedeza mutu ngati amva, koma sanamve. Iwo amaganiza za kamphepo ka mu Juni kaja umangokoka chitenje n'kutha. Kumene ndinkakhala ine, madzi otsala m'ndowa panja tinkawapeza m'mawa atagwirana pamwamba ngati galasi. Che Lajabu, mnzanga wa ku Machinga amene tinkagona naye chipinda chimodzi, ankawaswa ndi chidendene cha nsapato kuti asambe asanaswali, uku akutukwana dziko la eni ake m'Chiyao.

Ine kwathu ndi ku Nkaya, koma ndinakwatira ku Chikweo, chikamwini. Thonje litatikana zaka zotsatizana ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita chaka chimodzi chokha, ndikapeze malata. Mwana wathu Asiyatu ndinamusiya akukwawa. Malata anapezekadi, nyumba inafoleredwa ine ndikuionera pafoni, koma chaka chimodzi chija chinaswana mpaka ndinaleka kuwerenga.

Poyamba ndinkaima m'mbali mwa msewu kudikira ganyu, galimoto ya apolisi ikatulukira aliyense liwiro la mtondo wadooka, poti mapepala athu anali atatha kalekale. Kenako Che Lajabu anandilowetsa kumene ankagwira iwo, kosungira katundu wa sitolo ina yaikulu ya zidole. Munthu wa ndevu zanga, tsiku lonse kusenza makatoni a zidole za ana a eni. Kumudzi ndinkangoti ndimagwira kukampani. M'chipinda chathu cha malata tinalimo amuna angapo, mphika umodzi, mbaula imodzi. Wina akadwala tinkamufunditsa majekete a tonse.

Lamulungu lililonse ndinkaimba foni kunyumba. Amake Asiyatu tinkacheza bwinobwino, za feteleza, za matenda, za amene wamwalira. Vuto linkabwera akati, "Nayu mwana wanu."

"Asiyatu, uli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Wadya?"

"Eya."

"Kusukulu ukupita?"

"Eya."

Basi, mafunso anga athera pomwepo. Tinkangomverana mpweya mpaka iye abweze foni kwa amake. Kenako ndinkamumva chapatali akuseka chikhakhali ndi amjomba ake, alamu anga a Twaibu. Zinkandiwawa, ndisaname. Mwana wanga ndinkamudyetsa, kumuveka, koma cholankhula naye ndinalibe.

Chaka china chakumapeto, sitolo itadzaza, ananditenga kukathandiza kupanga katundu m'mashelefu. Pakati pa sitolopo panali tebulo pamene ana ankayeserapo zoseweretsa. Panakhala bambo wina ndi mwana wake wamkazi, msinkhu wa Asiyatu, akumanga chinthu ndi tinjerwa ta pulasitiki tolumana tokha. Chinali phiri loyera mbee, ngati dziko lija kumagwa chisanu chonga ufa, lokhala ndi potsetsereka pa buluu, kanyumba pamwamba ndi mlatho wake, ndi timbalame toyenda chilili ngati anthu. Panalinso kachidole ka kamunthu ka m'magemu a pafoni, ka mabatire, kamaso oyaka. Ukakapondetsa pa kanjerwa ka buluu kankanjenjemera n'kulira ngati kazizidwa, ukakadumphitsa pena kankaseka n'kulira ngwee ngati ndalama zachitsulo.

Koma ine sindinkayang'ana kwambiri chidolecho. Ndinkayang'ana anthu awiri aja. Anakhala nthawi yaitali mitu itagundana, akulankhula osalekeza, kutsutsana, kuseka, mwana kumenya dzanja la bambo ake akalakwitsa. Palibe amene anafunsa mnzake ngati wadya. Ndinati mumtima, kani mankhwala ake ndi amenewa.

Makatoni ophwanyika m'kona ankatigulitsa antchito pamtengo wotsikirako. Ndinadikira mpaka lina la phiri lija linagwa pa shelefu, ndipo sindinene kuti analigwetsa ndani. Ngakhale linatsika mtengo, thumba langa linamva kuwawa.

"Aisee, mutu ukuyenda?" anatero Che Lajabu nditalowa nalo m'chipinda. "Mwana wamkazi mugulireni diresi ndi nsapato. Inu mwagula miyala ya pulasitiki, ku Chikweo miyala yatha?"

Ndinatulutsa kachidole kokha kuti ndikayese, timapaketi ta tinjerwa sindinatsegule. Kataphethira n'kufuula, chipinda chonse chinadzuka. Amuna akuluakulu kulandirana kachidole, wina kukagoneka, wina kukazondotsa kuti amve kulira kwake. Amene anakagwira nthawi yaitali kuposa tonse anali Che Lajabu omwewo. Mnyamata wina wa kuntchito anandiikira m'foni malangizo a kamangidwe kake, poti buku munalibe. Paketi iliyonse inali ndi nambala yake, umayamba ndi yoyamba, ukamaliza n'kutsegula yotsatira.

Kulakwa kwanga kunali kumodzi. Nditaganiza zobwerera kumudzi, katundu ndinatsogoza ndi anyamata aja amanyamula katundu wa anthu pa lole: mabulangeti, mapoto, sola, ndi katoni ija. Ine ndinatsala kuti ndimalize mwezi. Za katoniyo sindinauze munthu, ndinkafuna ndidzaione ndekha nkhope ya Asiyatu poitsegula.

Kufika ku Chikweo anandilandira ndi nthungululu. Nkhuku inafa. Amake Asiyatu ndinawapeza ali mayi wa geni yawo, wogula nsomba za ku Chiuta n'kumagulitsa, wodziwa mitengo ya zinthu kuposa ine. M'nyumba ya malata anga ndinkachita kufunsa pamene pamakhala sopo. Kenako kunabwera mtsikana wamtali, woonda, wamaso ngati a malemu mayi anga. Anagwada chapatali, n'kundipatsa dzanja atagwira chigongono, monga amachitira kwa mlendo.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, mwana wanga. Wakula!"

"Eya," anatero, n'kudzuka kupita kukhitchini.

Sindinadandaule. Ndinkadziwa kuti mankhwala ndili nawo.

M'mawa mwake ndinafunsa za katoni yokhala ndi chithunzi cha phiri loyera. Amake Asiyatu anaitenga pansi pa bedi. Nditangoinyamula ndinamva kuti yapepuka mwachilendo. Kutsegula, munali yunifolomu ya sukulu yopindidwa bwino ndi makope.

"Zam'katimu zili kuti?"

"Anagawa achimwene. Simunanene kanthu inu."

Kumeneko katundu wa ku Joni akafika satsegula munthu yekha kuchipinda. Amabwera mwini mbumba, amayala mphasa pabwalo, chilichonse n'kuonekera, aliyense n'kulawako. Ndinkazidziwa, ndinali nditalandirapo sokosi mwanjira yomweyo. Kungoti sindinaganize kuti mwambowu ungafike mpaka pa chidole.

A Twaibu anabwera okha, akumwetulira ngati munthu woyembekezera kuyamikidwa.

"Alamu, pamene paja munaganiza ngati munthu wamkulu," anatero. "Mabulangeti anativuta kugawa, koma timapaketi tija munachita kutilembera manambala. Wani tinapereka kwa mwana wamkulu wa mbumba, thuu kwa wotsatira, choncho mpaka kutha. Panalibe wolira. Tiwiri tinatumiza ku Nkaya kwa achemwali anu, asamati akuchikazi adya okha."

Ndikanati chiyani? Munthu anagawa mwachilungamo, mpaka anakumbukira abale anga amene ine ndinawaiwala. Ndinangoti zikomo alamu, mwagwira ntchito.

Kachidole kanali ndi nkhani yakeyake. Masana apongozi anga anandiitanitsa kuseri kwa khitchini yawo. Anakhala atandifulatira pang'ono, ine ndinanjuta chapatali. Pakati pathu panali chitini chovundikira, pamwamba atatsamiza mwala.

"Bambo, ife sitinauze munthu," anayamba motsitsa mawu. "Za kuyenda n'zovuta, aliyense ali ndi mmene amapezera. Koma kanthu kanuka kanatsegula maso pamaso pa ana, kanalankhula, kenako tinamva ndalama zikulira m'mimba mwake. Ndiye ndinakabisa. Kaya kamadya chiyani, ine ndimangokaikira ufa pang'ono."

Ndinavundukula. Kachidole kanali gone m'chitini, mbuu ndi ufa wa mgaiwa. Apongozi anga, mayi woswali kasanu patsiku, anakhala milungu akudyetsa ndondocha ya mkamwini wawo kuti banja la mwana wawo lisachite manyazi. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira. Ndinafotokoza kuti n'choseweretsa ana, ndinatsegula kumsana n'kuchotsa mabatire kuti aone.

"Mwakapha?" anafunsa.

"Iyayi amayi, n'ngati wailesi."

"Chabwino," anatero, koma mawu awo anali a munthu amene wavomera pofuna kusunga ulemu basi.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinali nditasenza maganizo amenewa ulendo wonse wa pabasi, ndipo njira ina yofikira kwa mwana wanga sindinkaidziwa. Ndinagula mabisiketi, ndinatenga jumbo, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuombola tinjerwa tanga.

Zimene ndinaona m'masiku amenewo! Ena ankasewera nato bawo. Kamtsikana kena kanatunga toyera pa ulusi n'kuvala m'khosi. Kambalame kamodzi ndinakapeza katamangiriridwa pa handulo ya njinga ya kabaza, mwini wake akuti kamamubweretsera makasitomala. Ana ankalira, amayi awo ankandipatsa tinjerwato atayang'ana kumbali. Pa mjigo nkhani inali imodzi, yoti wa ku Joni uja akulanda ana zimene anapereka yekha.

A Twaibu anasiya kumwetulira. "Alamu, akuluakulu anati kupatsa n'kuika, eya. Koma sindinaonepo woika akubwera ndi jumbo mwezi usanathe. Mwandichotsa ulemu pa mbumba yanga."

Ndinayesa kufotokoza kuti chinthucho n'chimodzi, kuti paketi payokha ilibe ntchito. Anandiyang'ana modabwa. "Ndiye munagula chinthu choti adye mwana mmodzi, ana onsewa akuyang'ana?" Pamenepo ndinasokonezeka zenizeni, chifukwa mmene ananenera iwo zinkamveka kuti wolakwa ndine, ndipo mwina ndinalidi ine.

Ku Nkaya ndinapitanso. Kabaza, minibasi mpaka ku Liwonde, kenako ya matola. Mchemwali wanga anandikumbatira akulira, anandiphikira, anandilondolera kumanda a mayi amene anaikidwa ine kulibe. Pobwera kumandako, tisanafike n'kunyumba komwe, pakamwa panga panatuluka funso la timapaketi. Anaima panjira.

"Achimwene, zaka zonsezi. Mwabwerera ine kapena tinjerwa?"

Ndinati ndabwerera iwo. Anandisonkhanitsira zimene zinatsala m'pepala la shuga, zina zitatafunidwa, ndipo pondiperekeza sanalankhule zambiri.

Tsopano ndinayala mphasa pakhonde, ndinakhuthula zonse, foni pambali. Ndinaitana Asiyatu.

"Bwera, tidzamange phiri."

"Ndikukatunga madzi."

Mawa lake akukasinja. Mkuja akukawerenga kwa mnzake. Ana ena onse a pamudzi anandiunjirira mpaka kunditsekera mphepo, koma amene ndinagulira ankangodutsa ndi ndowa pamutu, kuponya diso kamodzi n'kupitirira. Ndinamanga ndekha, bambo wamkulu kukwawa pamphasa kufunafuna kanjerwa ka mabowo awiri, anthu odutsa akupukusa mitu. Pamene panasowa ndinkalowetsa ka mtundu wina. Phiri linakwera, potsetsereka panaoneka, koma pamwamba panatsala chibowo. Kanyumba kaja panalibe, ndi mlatho wake womwe. Paketi yathunthu inasowa.

"Yotsala ndi ya mwana wanu," anatero amake. "Naye analandira yake."

Ndinamufunsa madzulo akutsuka mbale. Sanadzutse mutu.

"Inasowa."

"Inasowa bwanji, mwana wanga? Taganiza bwino."

"Inasowa basi."

Ndinakwiya, ngakhale sindinaonetse. Ndinati mwanayu sandifuna. Ndadana ndi mudzi wonse chifukwa cha iye, iye wataya mphatso yanga ngati chikoko cha nthochi.

Patapita masiku, amake akuyanika nsomba pathandala, anayamba okha nkhaniyo osandiyang'ana.

"Paketi ija sinasowe. Wabisa."

"Chifukwa?"

"Mwanayu wakula akuona anthu a ku Joni. Akafika amagawa. Akayamba kusonkhanitsa zinthu zawo, ndiye kuti basi yayandikira. Bambo a mnzake anatero, amuna a mng'ono wanga anatero. Wakuonani mukuzungulira mudzi ndi jumbo. Akuti mukangomaliza chinthu chanucho, mupakira muzipita."

Ndinakhala pa mtondo umene unali pafupi. Mwana wosandilankhula, wondithawa ngati ndili ndi mphere, yemweyo n'kubisa tinjerwa kuti ndisachoke? Ndinafunsa amake kuti nanga bwanji osangobwera kudzacheza nane. Anati, "Azolowere munthu woti mawa kulibe? Mlendo ndi mame." Anapitiriza kutembenuza nsomba zawo.

Sindinaifunsenso paketi ija. Phiri ndinalinyamula ndi chibowo chake n'kuliika pamwamba pa kabati, kachidole pambali pake. Apongozi akalowa m'nyumbamo ankakhala mokafulatira.

Mvula itagwa tinayamba kupita kumunda. Manja anga anali ataiwala khasu, matuza anatuluka tsiku loyamba. Tsiku lina ndinalima mizere ingapo m'munda mwa eni osadziwa, ndipo Asiyatu ndi amene anabwera kudzandigwira malaya. "Malire ndi apa. Uko n'kwa Abiti Saidi, amalalata." Anali mawu ambiri kuposa onse amene anandiuzapo chibadwire. Kuyambira pamenepo tinkayenda limodzi pobwera kumunda, iye patsogolo ine pambuyo, nthawi zina n'kundilozera mtengo kapena nyumba n'kunditchulira mwini wake, ngati akuphunzitsa mwana.

Koma chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Zimene ndinabwera nazo zinali zitatha, poti wa ku Joni sakana pempho. Nsomba zinasowa ogula. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenako kamodziko kanasanduka phala la madeya. Amake Asiyatu ndinkawaona akuyang'ana sola ija ngati akuiyeza mtengo. Che Lajabu anayamba kuimba foni. Ndinkakayankhira kuseri kwa nyumba.

"Aisee, malo anu alipobe, koma bwana akufunsa. Ndimuuze chiyani?"

"Muuzeni adikire pang'ono."

"Pang'ono pake mpaka liti? Kumeneko mukudya chiyani?"

Kupita kunali kutaya kamene ndinali nditangoyamba kukapeza. Kukhala kunali kumuonera mwana yemweyo akuonda. Ndinkagona ndi yankho lina, kudzuka ndi lina.

Tsiku limenelo linali Loweruka masana, dzuwa lili phwee, pamoto posafuka utsi. Ndinali pakhonde ndikusoka nsapato. Asiyatu anatulukira kuchokera kukhitchini ya agogo ake, anagwada patsogolo panga, n'kuika kanthu pamiyendo panga. Inali paketi ija, yosatsegula, yakuda ndi mwaye wa kudenga.

"Tsitsani chija," anatero.

"Waipeza kuti?"

"Sinasowe." Anakanda pansi ndi chala. "Ndimamva mukamalankhula ndi a Che Lajabu. Amayi dzulo sanadye, ananama kuti m'mimba mukuwapweteka. Malizani."

Mpaka lero sindidziwa ngati mwana uja ankandithamangitsa kapena ankandimasula. Nkhope yake sinanene. Ndinafuna kumuuza kuti tinjerwa ndi ulendo n'zosagwirizana, kuti n'choseweretsa chabe, koma ndinaona kuti iye anali atanena zoona kuposa ine. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa phiri lija, ndinapukuta fumbi n'kuliika pamphasa.

Sanapite kukatunga madzi. Anakhala pafupi nane mpaka phewa lake kukhudza mkono wanga, anang'amba paketi ndi mano, n'kukhuthulira tinjerwa pa chitenje chake. Anatenga foni m'manja mwanga, anayang'ana chithunzi kamodzi, n'kuyamba kusankha.

"Choyerachi n'chiyani kwenikweni?"

"Chisanu. Madzi akazizidwa kwambiri amauma."

"Kumene mumakhalako chiliko?"

"Chonga ichi ayi. Koma madzi amauma m'ndowa."

"Bodza!"

"Zoona. Che Lajabu amachita kuswa ndi nsapato."

Anaseka. Chikhakhali chija ndinkachimvera patali pafoni chinali pano, pambali panga, ndipo m'malo mosangalala ndinamva ngati wina wandiponda pachifuwa. Anafunsa ngati timbalameto timaikira mazira, ngati ku Joni kuli chinangwa, ngati ndinkaphika ndekha, ngati nsima yanga inkapsa. Ndinkayankha, iye n'kumatsutsa. Ndinabwezera mabatire m'kachidole, iye anakapondetsa pa buluu, kananjenjemera, iye n'kukakalipira kuti kasiye mantha.

Tinjerwa pa chitenje tinkachepa. Makoma a kanyumba anaima, mlatho unalumikizika. Nditaona kuti kwatsala denga lokha, ndinatenga kanjerwa n'kukaika pamalo polakwika. Anakachotsa n'kukaika pake. Ndinatenga kena, ndinakatembenuza chagada, n'kukakanikiza pakhomo pa kanyumba. Anakachotsanso. Kachitatu anandigwira dzanja, n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Anadziwa.

"Ababa," anatero motsitsa, "mukatere tifika mawa."

"Tifike mawa kumene."

Anayang'ana tinjerwa totsala pa chitenje chake, anayang'ana kukhitchini kozizira kuja. Kenako anatambasula dzanja, anagwira mlatho umene tinali titangomaliza, n'kuuzula wonse.

"Unapindika," anatero. "Tiyambirenso apa. Koma mawa timalize."